Njoka za M'mimba mwa Ziweto: Botolo Lokha Silikwanira

Mvula ikakhazikika mu Disembala, msipu n'kuphuka, woweta aliyense amayembekeza kuti ziweto zimene zinafooka m'cilimwe tsopano zinenepa. Komatu m'makola ambiri a mbuzi ndi nkhosa zinthu siziyenda motero. Pofika Febuluwale, udzu uli wobiriwira ponseponse, ana a mbuzi amayamba kutsalira m'mbuyo popita kubusa, ubweya umanyankhalala, zoyamwitsa zimaonda, ndipo zina zimangopezeka zafa m'mawa popanda ngakhale kutsekula m'mimba. Ena amati zadya tsamba laululu, ena amayamba kuganizira anansi. Koma kawirikawiri cimene capha cimakhala m'cifu mwa ciweto comweco, ndipo n'cacing'ono ngati kaulusi.

Kutayika kotereku n'kwakukulu, pakuti mbuzi ndiyo banki ya pakhomo. Ndiyo imalipira sukulu, ndiyo imagula feteleza, ndiyo imathandiza pa matenda ndi pa maliro. N'cifukwa cake ambiri a ife, tikangoona ciweto cawonda, timathamangira ku sitolo kukagula botolo la mankhwala a njoka n'kumwetsa khola lonse. Akatswiri amene akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, kuno ku Zambia ndi kumaiko ena, apeza kuti cizolowezi cimeneci ndico cikutha mphamvu ya mankhwalawo. Apezanso njira zina zimene mlimi wamng'ono angazikwanitse, ndipo zambiri mwa izo sizilira ndalama.

Njoka yoyamwa magazi

Mwa njoka zonse zimene zimavuta mbuzi ndi nkhosa m'maiko otentha, yoopsa koposa ndi imene asayansi amaicha Haemonchus contortus. Imakhala m'cifu cotsiriza, cija cacinayi cimene cimalumikizana ndi matumbo. Kutalika kwake ndi masentimita awiri kapena atatu. Mukapha mbuzi yodwala, tumbulani cifu cimeneci ndipo muyang'anitsitse m'kati: mudzaona timaulusi tofiirira tikugwedezeka. Yaikazi imaoneka ngati ulusi wofiira ndi woyera wopotedwa pamodzi. Kufiirako ndi magazi a mbuzi yanu.

Njoka imodzi imatayitsa ciweto magazi okwana pafupifupi mamililita 0.05 pa tsiku. N'zocepa ndithu, koma njokazi sizikhala imodziimodzi. Zikakhala 1,000, ndiye kuti mamililita 50 akucoka tsiku lililonse, kapena kuti masupuni aakulu atatu ndi pang'ono. Mbuzi yolemera makilogalamu 20 ili ndi magazi pafupifupi lita imodzi ndi theka cabe. Werengerani nokha kuti ingapirire masiku angati. Magazi akacepa, m'kati mwa zikope ndi m'nkhama mumayera, ciweto cimatopa msanga, ndipo nthawi zina pansi pa cibwano pamatupa ngati pali madzi. Dziwani kuti njoka imeneyi payokha siitsekula m'mimba kawirikawiri. Amene amayembekezera kuona ndowe zamadzi asanacitepo kanthu amakhala atacedwa.

Moyo wake wambiri uli pa udzu

Njoka yaikazi imodzi imaikira mazira 5,000 mpaka 10,000 pa tsiku, ndipo onsewo amatuluka ndi ndowe. Kukakhala kofunda ndi kwacinyezi, monga m'dzinja lathu, mazirawo amaswa, ndipo pasanathe sabata imodzi timphutsi take timakhala takhwima. Timacoka m'ndowe n'kukwera pa udzu motsatira mame kapena madzi a mvula. Tambiri sitipitirira masentimita asanu kapena khumi kucokera pansi. Ciweto cikatimeza ndi udzu, timakhazikika m'cifu, ndipo pakapita masabata atatu timayamba kuikira mazira. Motero m'nyengo imodzi ya mvula mibadwo ingapo imabadwa motsatizana, ndipo msipu umanka nuipiraipira kufikira kumapeto kwa dzinja.

Apa pali phunziro loyamba. M'dzinja, njoka zimene zili m'mimba mwa ziweto n'zocepa poyerekeza ndi mazira ndi timphutsi tili pabwalo. Botolo limangofikira za m'mimba zokha. Mukamwetsa lero n'kubwezera ziweto pa msipu womwewo mawa, zimayambanso kumeza timphutsi tatsopano tsiku lomwelo.

M'cilimwe zinthu zimatembenuka. Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limaumitsa timphutsi ta pa msipu, kupatula m'madambo ndi m'mbali mwa zitsime. Njoka zimapulumukira m'mimba mwa ziweto, zina zitagona m'khoma la cifu osakula, kudikira mvula. Komanso mbuzi kapena nkhosa ikatsala pang'ono kubereka, ndi pamene ikuyamwitsa, citetezo ca thupi lake cimatsika, ndipo imatulutsa mazira ambiri kuposa nthawi zonse. Ana ake amayamba kudya udzu pamalo amene mayi wawo waipitsa kale.

Mmene mankhwala anathera mphamvu

Mankhwala a njoka amene timagula m'masitolo ali ndi maina ambiri a malonda, koma ambiri mwa iwo ndi a m'magulu atatu okha. Gulu loyamba ndi la mankhwala oyera ngati mkaka, monga albendazole ndi fenbendazole. Kholo lawo, thiabendazole, linayamba kugulitsidwa mu 1961. Gulu laciwiri ndi la levamisole. Lacitatu ndi la ivermectin, amene anatuluka mu 1981. Ameneyu anacokera ku kacilombo ka m'dothi kamene Satoshi Ōmura anakapeza ku Japan, ndipo William Campbell ndi anzake ku America ndiwo anapangako mankhwala. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2015, cifukwa mankhwalawo anathandizanso anthu mamiliyoni ambiri odwala matenda a njoka.

Pa gulu lililonse, cimwemwe sicinakhalitse. Pofika 1964, patangopita zaka zitatu, ku America kunapezeka njoka zosafa ndi thiabendazole. Mu 1988 akatswiri a ku South Africa, Jan van Wyk ndi Faffa Malan, analengeza za Haemonchus wosamva ivermectin. Ngakhale monepantel, mankhwala a gulu latsopano amene anayamba kugulitsidwa ku New Zealand mu 2009, anali atayamba kale kulephera pa mafamu ena a kumeneko pofika 2013.

Vutoli silili kutali. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2001, wocitidwa ndi akatswiri a ku University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Belgium, anayesa mankhwala pa mafamu asanu ndi imodzi a nkhosa kufupi ndi Lusaka. Pa mafamu ambiri albendazole sanali kugwira nchito mokwanira, ndipo pa ena ivermectin nayenso anali atafooka. Mafamu aakulu otere ndiwo amagulitsa atonde ndi nkhosa za mtundu kwa alimi ang'onoang'ono, conco njoka zosamva mankhwala zingalowe m'khola lanu mutazigula ndi ndalama zanu.

Kodi zimatheka bwanji kuti njoka ileke kumva mankhwala? Sikuti imazolowera monga munthu azolowera tsabola. Mwa njoka zambirimbiri, zingapo zimabadwa kale zili ndi cibadwa copirira. Tiyerekeze kuti m'khola muli njoka 1,000 ndipo khumi zokha ndizo zopirira. Mukamwetsa ziweto zonse tsiku limodzi, 990 zimafa, khumi zija n'kutsala. Tsopano zimakwatirana zokhazokha, ndipo mazira onse ogwera pa msipu ndi awo. Mukabwereza mwezi ndi mwezi, mukusankha mbewu monga momwe mlimi asankhira cimanga cabwino cobzala, kungoti mbewu imene mukusankhayo ndi ya mdani. Kupereka mlingo wocepa kumafulumizitsa zimenezi, pakuti ngakhale njoka zopirira pang'ono zimapulumuka. Ndipo khola likafika pamenepo, mphamvu ya mankhwala siibwerera msanga ngakhale mutawaleka zaka zingapo.

Kusiya zina zosamwetsa

Mu 2001 Van Wyk, wa ku sukulu ya madokotala a ziweto ya ku Onderstepoort, analemba nkhani imene inasintha maganizo a akatswiri ambiri. Mfundo yake inali yakuti pafamu payenera kutsala njoka zina zimene sizinakhudzidwe ndi mankhwala. Zimenezi, pokhala zambiri, zimakwatirana ndi zopirira zija n'kusungunula cibadwa cawo, monga momwe madzi ambiri asungunulira mcere. Zingamveke zacilendo kuti woweta asunge njoka mwadala, koma colinga si kuzitha zonse, pakuti palibe famu imene inazithapo. Colinga ndi kuzicepetsa kuti zisapweteke ziweto, kwinaku mankhwala akhale akugwirabe nchito pa tsiku limene mwana wa mbuzi ali pafupi kufa.

Pali cinthu cina cimene ofufuza anaona m'maiko ambiri: njoka sizigawanika mofanana m'khola. Ziweto ziwiri kapena zitatu mwa khumi zilizonse ndizo zimanyamula njoka zambiri, ndipo ndizonso zimaipitsa kwambiri msipu. Zotsalazo zimakhala ndi njoka zocepa zimene matupi awo amalimbana nazo okha. Conco kumwetsa khola lonse ndiko kuwononga ndalama pa ziweto zosadwala. Funso linali lakuti mlimi wopanda makina adzazidziwa bwanji zofunika mankhwala.

Yankho lili m'diso

Yankho linacokera kwa Faffa Malan yemweyo, pamodzi ndi Van Wyk ndi Gareth Bath, m'zaka za m'ma 1990. Anaona kuti mtundu wa m'kati mwa cikope ca m'munsi umasintha mogwirizana ndi kuculuka kwa magazi. Anakonza khadi la zithunzi zisanu lochedwa FAMACHA, dzina locokera ku dzina la Malan. Nambala 1 ndi kufiira kwa ciweto cathanzi, 2 kufiirira, 3 kofiira motuwa, 4 kotuwa, ndipo 5 ndi koyera ngati pepala. Za pa 1 ndi 2 sizimwetsedwa. Za pa 4 ndi 5 zimwetsedwe tsiku lomwelo. Za pa 3 zimwetsedwe ngati ndi mbuzi, ana, zoyamwitsa, zoonda, kapena ngati zambiri m'khola zayamba kutuwa. Pa kuyesa koyamba ku South Africa, pafupifupi nkhosa zisanu ndi ziwiri mwa khumi zilizonse zinatha nyengo yonse ya njoka popanda kufuna mankhwala.

Kapimidwe kake kafuna kuphunzira ndi manja, conco pemphani mlangizi wa ziweto akuonetseni. Pimirani pabwalo powala, osati m'khola mwa mdima. Tsekani diso ndi cikope cam'mwamba, dinikizani pang'ono, kenaka kokerani cikope cam'munsi pansi kuti kanyama ka m'kati katulukire. Yerekezani ndi khadi msanga, cifukwa mukacedwa diso limafiira ndi kukhudzako. M'dzinja pimani ciweto ciliconse pa masabata awiri alionse, ndipo m'cilimwe kamodzi pa mwezi kapena kupitirirapo pang'ono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuona maso a mbuzi nakonso kufuna woweta wodekha, wosatopa ndi kugwira ciweto cimodzicimodzi.

Khadili lili ndi malire ake. Limangoonetsa kucepa kwa magazi, kumene kungabwerenso ndi njoka za m'ciwindi, nkhupakupa kapena njala. Siliona njoka zina zotsekula m'mimba. N'cifukwa cake mu 2009 Bath ndi Van Wyk anawonjezera kuti woweta aziona malo asanu: diso ngati latuwa, cibwano ngati catupa, msana ngati waonda, kumcira ngati kwamatika ndowe, ndi mphuno ngati ikutuluka mamina. Lembani m'kabuku ciweto ciliconse cimene mwamwetsa, tsiku lake ndi dzina la mankhwala.

Mukamwetsa, mwetsani mokwanira

Mlingo wa mankhwala umatsata kulemera kwa ciweto, ndipo maso amanyenga. Sikelo yopacika pamtengo ndi saka lolimba n'zokwanira kuyezera mbuzi. Mankhwala akumwa athiridwe kumbuyo kwa lilime pang'onopang'ono kuti onse amezedwe. Mbuzi si nkhosa: thupi lake limacotsa mankhwala mofulumira, ndipo kawirikawiri imafuna mlingo wokulirapo kuposa wolembedwera nkhosa. Koma musawonjezere mwa nokha, makamaka levamisole, amene amapha akapyola muyeso. Funsani a zaziweto. Albendazole asaperekedwe kwa ciweto cimene cangotenga bere, cifukwa angawononge mwana m'mimba. Werengani tsiku lothera mphamvu, sungani botolo pamthunzi, pewani mankhwala othiridwa m'timabotolo topanda cizindikiro, ndipo sungani masiku olembedwa oti apite musanaphe ciweto kapena kumwa mkaka wake.

Posintha mankhwala, yang'anani dzina laling'ono la mankhwala enieni, osati dzina lalikulu la malonda. Kucoka pa albendazole kupita pa fenbendazole sikusintha kanthu, pakuti ndi a banja limodzi. Kuti mudziwe ngati mankhwala akugwirabe, pali njira yowerenga mazira m'ndowe ndi maikulosikopu, imene inakonzedwa ku laboratori ya McMaster ku Sydney mu 1939. Amawerenga mazira pa tsiku lomwetsa, n'kuwerenganso pakapita masiku 10 mpaka 14. Mazira akapanda kutsika ndi 95 pa 100 alionse, mankhwalawo ayamba kulephera. Alimi a m'kalabu imodzi angasonkhanitse ndowe za ziweto zawo n'kupempha ofesi ya zaziweto ya m'boma lawo kuti iwathandize kupimitsa.

Pewani zinthu ziwiri zimene kale zinkalangizidwa. Coyamba ndi kumwetsa khola lonse n'kulisamutsira nthawi yomweyo ku msipu woyera, pakuti msipuwo udzadzala ndi ana a njoka zopirira zokhazokha. Caciwiri ndi kumwetsa ziweto zonse pakati pa cilimwe, pamene pabwalo palibe timphutsi totsala tosungunula cibadwa coipaco. Ngati pafunika kumwetsa mvula isanayambe, yambani ndi zoonda, zazing'ono ndi zimene zili pafupi kubereka, ndipo zonenepa zisiyeni.

Ciweto cogula kwina, kaya ndi tonde wa Boer kapena nkhosa ya Dorper, cisalowe m'gulu tsiku lomwelo. Citsekereni pacokha, cimwetsedwe mankhwala a magulu osiyana motsatira malangizo a dokotala wa ziweto, ndipo ndowe zake za masiku oyambawo zisapite pa msipu.

Msipu, khola, cakudya ndi mtundu

Popeza mdani ali pa udzu, nkhondo yaikulu ili komweko. Ofufuza amene anagwira nchito pa zisumbu zotentha za m'nyanja ya Pacific, monga Fiji ndi Tonga, anapeza kuti kumalo ofunda ndi acinyezi timphutsi timakhwima msanga komanso timafa msanga, tambiri pasanathe miyezi iwiri. Anagawa msipu m'zigawo khumi, ziweto n'kumadya pa cigawo cimodzi masiku atatu kapena anayi okha, ndipo zinkabwererapo patapita mwezi wathunthu. Mazira a m'ndowe anatsika kwambiri, ndipo kumwetsa kunacepa. Amene amamangirira mbuzi pa cingwe m'dzinja angatsate nzeru yomweyi popanda waya: sunthani cikhomo pasanathe masiku anayi, ndipo musabwerere pamalo akale mwezi usanathe.

Musalole ziweto kudya udzu mpaka kufika pa dothi, pakuti timphutsi tili m'munsi. Zitulutseni mame atauma. Mbuzi mwacibadwa imakonda masamba a m'mwamba, kumene timphutsi sitifika, conco ipatseni mpata wodya m'zitsamba. Ng'ombe zikadya pamalo pamene panadya mbuzi zimathandiza kuyeretsa msipu, cifukwa njoka zambiri za mbuzi sizikula bwino mwa ng'ombe zazikulu. Khola lam'mwamba, lokhala ndi mipata pansi yoti ndowe zizigwa, limalekanitsa ziweto ndi ndowe zawo. Ndowezo ziunjikidwe ziwole bwino zisanapite kumunda. Udzu womweta uikidwe m'modyera mokwezeka, osati pansi.

Cakudya naco ndi mankhwala. Kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti ciweto colandira zakudya zomanga thupi zokwanira cimalimbana bwino ndi njoka ndipo cimabweza msanga magazi otayika. Zotsalira za nshawa ndi nyemba pokolola, masamba a lukina ndi gilisidiya, zipatso za msangu ndi gaga pang'ono, zisungireni makamaka mbuzi za bere, zoyamwitsa ndi ana ongoleka kuyamwa.

Kupirira njoka kumayendanso m'magazi. Ku Kenya, akatswiri a bungwe la ILRI anayerekeza nkhosa za makolo za Red Maasai ndi za Dorper, ndipo anapeza kuti za makolozo zinali ndi mazira ocepa ndipo ana ake sankafa kwambiri. Tisafulumire kunyoza ziweto zathu za kumudzi. Apa ndi pamene kabuku kaja kamagwira nchito: mbuzi imene ikufuna mankhwala katatu kapena kanayi m'nyengo imodzi, pamene zinzake zili bwino, ndiyo yoyamba kugulitsa, ndipo tonde wotere asakhale wa mbewu.

Njoka ya m'ciwindi ndi nkhono

Oweta ng'ombe ali ndi mdani wina, Fasciola gigantica, njoka yaphanthiphanthi yooneka ngati tsamba, imene imakhala m'mitsempha ya ndulu m'ciwindi. Imagwiranso mbuzi ndi nkhosa. Cinsinsi ca moyo wa njoka za mtunduwu cinadziwika pambuyo pa tsoka: m'zaka za 1879 ndi 1880 m'bale wake wa kumaiko ozizira anapha nkhosa pafupifupi mamiliyoni atatu ku Britain. Patapita zaka zocepa, Algernon Thomas ku England ndi Rudolf Leuckart ku Germany, aliyense payekha, anapeza kuti njokayo siingafalikire popanda kudutsa m'thupi la kankhono ka m'madzi. Dzira likaswa m'madzi, kamphutsi kamalowa m'nkhono n'kuculukana, ndipo ana ake amatuluka n'kumamatira pa udzu wa m'madzi kudikira ciweto.

Kuno kwathu nkhono yake imakhala m'madambo, m'madamu ndi m'zigwa zosefukira monga za Kafue ndi Zambezi. Akatswiri a ku University of Zambia atapima ziwindi m'malo ophera ng'ombe, anapeza kuti vutoli n'lofala kwambiri mwa ng'ombe zocokera kumadera otere. Ng'ombe zimatenga njokayi makamaka madzi akamaphwa, pamene zonse zimaunjikana kudambo kufuna msipu wobiriwira. Zotsatira zake ndi kuonda, mkaka wocepa, ng'ombe zolima zopanda mphamvu pa nthawi yolima, ndi ziwindi zotayidwa pogulitsa nyama.

Dziwani kuti ivermectin payekha ndi levamisole payekha sapha njoka imeneyi. Pafunika mankhwala ake, monga oxyclozanide, closantel kapena nitroxynil, ndipo triclabendazole ndiye amapha ngakhale zazing'ono zimene zikuboola ciwindi. Koma pano naponso botolo ndi theka cabe la nchito. Kumwetsa ziweto madzi a pa mjigo kapena pa citsime m'comwera, kuchinga malo a matope osauma, ndi kuumitsa bwino udzu womweta kudambo musanaupereke, kumadula njira ya njokayi.

Masese: pamene njoka ifika pa munthu

Njoka yacitatu imakhudza banja lenilenilo. Masese a m'nyama ya nkhumba ndi ana a njoka yaitali yochedwa Taenia solium. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa, njokayo imakula m'matumbo mwake kufika mamita awiri kapena kuposa, ndipo zidutswa zake zodzala ndi mazira zimatuluka ndi cimbudzi. Nkhumba yoyendayenda ikadya cimbudzico imagwidwa masese. Coopsa koposa n'cakuti munthu akameza mazirawo kudzera m'manja, m'madzi kapena m'ndiwo zosatsuka, masese amamera m'thupi mwake, ngakhale mu ubongo, n'kuyambitsa khunyu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kumadera kumene njokayi ili yofala, pafupifupi atatu mwa odwala khunyu khumi alionse amadwala cifukwa ca iyo. Ngakhale munthu wosadya nkhumba angadwale motere.

Ogula nkhumba amayang'ana pansi pa lilime, koma kafukufuku wa ku Zambia konkuno anaonetsa kuti njira imeneyi imaphonya nkhumba zambiri za masese. Nkhani yolimbikitsa inacokera ku Katete. Pa nchito yochedwa CYSTISTOP, akatswiri a ku University of Zambia ndi a ku Ghent ndi Antwerp ku Belgium anapatsa anthu mankhwala opha njokayi, nkhumba n'kuzipatsa oxfendazole ndi katemera wa TSOL18, mobwereza pa miyezi inayi iliyonse kwa zaka pafupifupi ziwiri, pamodzi ndi maphunziro a ukhondo. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2020, zinaonetsa kuti nkhumba zimene zinalandira cithandizoco zitaphedwa n'kupimidwa sizinapezeke ndi masese amoyo. Cinapambanitsa nchitoyi n'cakuti anagwira mbali zonse nthawi imodzi, munthu ndi nkhumba yomwe. Pakhomo panu mbali zimenezo ndi cimbudzi cogwiritsidwa nchito ndi aliyense, ana omwe, khola la nkhumba lotseka, kusamba m'manja ndi sopo, ndi nyama yophikidwa mpaka kupsa m'kati.

Zimene zikubwera ndi zimene tili nazo kale

Ofufuza sanagone. Ku Moredun, ku Scotland, anapanga katemera wa Haemonchus amene anayamba kugulitsidwa ku Australia mu 2014 ndi dzina lakuti Barbervax, ngakhale kuti amafuna kubaya kangapo m'nyengo imodzi. Ku America ndi ku South Africa ayesa mbewu yochedwa sericea lespedeza, imene masamba ake ali ndi ukali wofooketsa njoka. Ku Australia kuli nkhungu ina yosakaniza m'cakudya, imene imatuluka ndi ndowe n'kukola timphutsi tisanakwere pa udzu. Zonsezi n'zothandizira cabe, ndipo eni ake amanena okha kuti ziyenera kuyendera limodzi ndi kasamalidwe kabwino. Za mitengo ya kwathu imene ena amamwetsa ziweto, samalani: kuti ciweto catsekula m'mimba sikutanthauza kuti njoka zafa, ndipo mitengo ina imapha nsomba ndi ziweto zomwe. Ciweto cimene diso lake layera cifuna mankhwala odziwika mlingo wake.

Kwa inu amene muli pa maphunziro, gwiritsani nchito mpata uno kuphunzira kugwira ciweto, kutembenuza cikope, kuyeza kulemera ndi kuwerenga cizindikiro ca pa botolo. Mbuzi ikaphedwa, musataye cifu ndi ciwindi musanazione m'kati. Kwa inu amene munabwerera kumudzi, kumbukirani kuti msipu wa kudambo ndi wa mudzi wonse, ndipo njoka zosamva mankhwala za m'khola la mnansi zidzafika m'khola lanu. Kambiranani m'makalabu ndi kwa amfumu za kagawidwe ka msipu, za zimbudzi ndi makola a nkhumba, ndi za kugula mankhwala odalirika pamodzi. Magulu a mankhwala amene tingawapeze ndi ocepa, ndipo atsopano amatenga zaka zambiri kuti apangidwe. Amene tili nawowa tiwagwiritse nchito mosamala, pa ciweto cimene cikuwafunadi, kuti adzagwirebe nchito m'makola a ana athu.